Khadi la aulumali kumalo a zisangalalo: kodi n'kulowerera pamzere?

Amene anakatungako madzi pamjigo mwezi wa Okutobala, zitsime zitaphwa, akudziwa kuti pamzere sipaima anthu, pamaima zidebe. Mayi amasiya chigubu chake kumbuyo kwa ndowa ya mnzake, n'kubwerera kunyumba kukasonkhezera moto wa nyemba. Akabwera nthawi yake itakwana, palibe amene amamunena kuti walowerera. Wadikira ngati wina aliyense, kungoti sanadikire ali chiimire.

Mjigowu ungatithandize kumvetsa nkhani yomwe yakhala ikusokoneza anthu kuyambira mu 2024, pomwe kampani ya Disney ku America inasintha malamulo a chithandizo chomwe imapereka kwa alendo aulumali m'malo ake a zisangalalo. Ena anamva kuti kampaniyo yasala anthu aulumali. Ena anamva kuti yangotseka mpata womwe anthu abodza ankadyerapo. Aliyense mwa awiriwa wagwira mbali imodzi yokha ya nkhani. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu malo otero tilibe, komabe mafunso ake ndi omwewo timakumana nawo pabwalo la mpira, pamwambo wachikhalidwe, ngakhale paphwando la ana.

Malo ake ndi otani?

Ndi mapaki akuluakulu otchingidwa ndi mpanda, olowa cholipira, momwe muli akatungwe oyendera makina, zisudzo, malo odyera, ndi timasitima tothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika, tomwe amati roller coaster. Disneyland inatsegulidwa mu 1955 ku Anaheim m'chigawo cha California, ndipo Walt Disney World inatsegulidwa mu 1971 pafupi ndi mzinda wa Orlando ku Florida. Abale athu a ku Joni ena anafikako ku Gold Reef City, paki ya mu Johannesburg yomwe inamangidwa pamalo pomwe kale panali mgodi wa golide.

Chofunika kudziwa n'chakuti kukwera kasitima kamodzi kumatha mphindi ziwiri kapena zitatu, koma kukadikira kungatenge ola lathunthu kapena kupitirira. Ndiye mkangano wonse wagona pamzere.

Mlatho ndi kuwolotsa pamsana

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza koma n'zosiyana. Choyamba ndi kumanga malo mwakuti aliyense afikepo yekha: njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe okhaokha, khomo lalikulu loti njinga ya munthu wolumala miyendo ilowe, chimbudzi chokhala ndi zogwirira. Chachiwiri ndi kusintha dongosolo chifukwa cha munthu mmodzi amene dongosolo la onse likumutsekera kunja. Choyambacho chili ngati kumanga mlatho pamtsinje wa Linthipe. Chachiwiricho chili ngati kuwolotsa munthu pamene mlatho palibe, kapena pamene mlathowo ulipo koma iye sungamuthandize.

Kusiyana kwake ndinakuona ndi maso. Mlamu wanga amayenda panjinga ya olumala kuyambira pomwe anachita ngozi ya galimoto. Tsiku lina tinapita ku chikondwerero china chomwe chinkachitikira muholo ya masitepe asanu pakhomo. Anyamata a pakhomopo anali aulemu ndithu. Mmodzi anati, "Bambo, musadandaule, tikunyamulani." Ine ndinawayang'ana alamu anga ndipo anangoti pang'onopang'ono, "Alamu, lowani inu. Ine ndimvera panja pano." Anakhala pansi pa mtengo mpaka zonse zinatha. Pobwerera anandiuza kuti kunyamulidwa ndi anthu anayi, khamu likuyang'ana, ngati thumba la kachewere pa Lizulu, kumawawa kuposa kuphonya nyimbo. Chifundo chinalipo chokwanira, chomwe chinasowa ndi njira yoti alowe okha.

Ku America nkhaniyi inasanduka lamulo mu 1990. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, anthu aulumali anasiya njinga ndi ndodo zawo n'kukwawa pamasitepe a nyumba ya malamulo ku Washington pofuna kuti aphungu aone vutolo. Pa 26 Julayi Pulezidenti George H. W. Bush anasainira lamulo lotchedwa Americans with Disabilities Act. Lamuloli limakhudzanso makampani omwe amalandira anthu wamba, kuphatikizapo mapaki a zisangalalo. Miyezo yake imafika mpaka pa tinthu ting'onoting'ono: njira yotsetsereka ikamakwera mita imodzi, iyenera kutalika mamita osachepera 12, apo ayi imasanduka chitunda choti munthu sangachikwere yekha.

Koma lamulolo lili ndi malire. Limati kampani isinthe dongosolo lake moyenerera, osati mpaka kusintha kotheratu ntchito yomwe imagwira. Mawu akuti "moyenerera" ndiwo amafikitsa anthu kukhothi, chifukwa chomwe kholo la mwana likuona kuti n'choyenerera, mwini paki angachione ngati chopyola muyeso.

Khadi ija inayamba bwanji?

Kwa zaka zambiri Disney inkapereka khadi yotchedwa Guest Assistance Card. Kawirikawiri mwini khadiyo ndi banja lake ankalowera khomo lachidule n'kukwera osadikira kwenikweni. Mu 2013 nyuzipepala za ku America zinaulula kuti mabanja ena olemera ankalemba ganyu munthu waulumali kuti aziyenda naye ngati wachibale, cholinga ana awo asaime pamzere. Mu Okutobala chaka chomwecho kampaniyo inathetsa khadiyo n'kubweretsa ndondomeko ina yotchedwa Disability Access Service, mwachidule DAS.

Apa ndi pomwe chigubu cha pamjigo chikugwira ntchito. Tiyerekeze kuti mzere wa kasitima ndi wa mphindi 60. Mlendo wa DAS amalembetsa, n'kupatsidwa nthawi yobwerera yofanana ndi kutalika kwa mzerewo. Pa nthawi yodikirayo angakhale pamthunzi, angakadye, angapite kuchimbudzi. Nthawi ikakwana amalowera khomo lachidule. Sangasungitse malo pa akatungwe angapo nthawi imodzi mwa njira imeneyi, monganso mayi wa chigubu chimodzi sangaime pamijigo iwiri.

Chomwe chimadabwitsa ambiri n'chakuti munthu amene vuto lake ndi la miyendo lokha kawirikawiri sapatsidwa DAS. Mizere yambiri inamangidwa yotakasuka moti njinga yake imadutsa, ndiye amadikira limodzi ndi anzake onse. Mlatho ukakhalapo, kuwolotsana sikufunikanso. DAS inakonzedwera amene vuto lawo ndi kudikirako.

Ndani angalephere kudikira?

Funso limeneli ndi lomwe limavuta kwambiri kwa ife amene tinazolowera kuzindikira ulumali poona ndodo kapena njinga. Pali ulumali wina wosaoneka ndi maso, ndipo umodzi mwa iwo ndi autism. Munthu amabadwa nawo, ndipo umakhudza mmene amalankhulirana ndi ena komanso mmene amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa. Si ufiti, si kulodzedwa, ndiponso si kulera koipa. Ena a autism amaphunzira mpaka kuyunivesite, ena salankhula n'komwe moyo wawo wonse.

Kumudzi kwathu kuli mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene amayi ake sapita naye kuchigayo. Anayeserapo kamodzi. Injini itangolira, mwanayo anatseka makutu ndi manja onse awiri, n'kuyamba kudzigwedeza uku ndi uku, kenaka anadzigwetsa pansi akukuwa mpaka mawu anasasa. Amayi ena pamzerepo anati, "Amake mwana, mwanayu mumamulekerera, akufunika kamkwapulo." Mayiyo sanayankhe. Anasenza chimanga chake chosagaya n'kumubereka mwanayo, wamkulu choncho, kubwerera kunyumba. Kwa mwana wotere, ola limodzi m'kanjira kopanikiza, kodzadza anthu, nyimbo zikugunda mbali zonse, si nkhani ya kuleza mtima. Thupi lake limakana.

Makolo ena a ana otere anaona kuti ngakhale DAS siyokwanira, chifukwa mwana amene samvetsa mawu akuti "tibweranso" amavutika akaona kasitima n'kuuzidwa kuti achokepo kaye. Mu 2014 anakasuma kukhothi kuti ana awo azikwera nthawi yomweyo ngati kale. Pa mlandu womwe unazengedwa ku Florida, woweruza mu 2020 anagamula mokomera Disney, ndipo khothi la apilo linagwirizana naye mu 2022. Mfundo yake inali yakuti kulola aliyense wa khadi kukwera osadikira kungatalikitse mzere wa anthu ena onse n'kusokoneza kayendetsedwe ka paki.

Chinasintha n'chiyani mu 2024?

Tisanafike pamenepo pali chinthu china chomwe chinachitika pakati. Kuyambira mu 1999 Disney inali ndi njira yaulere yosungitsira malo yotchedwa FastPass, yomwe mlendo aliyense ankatha kugwiritsa ntchito. Mu 2021 inathetsedwa, ndipo khomo lachidule, lomwe tsopano amati Lightning Lane, linakhala lolipira. Kuyambira pamenepo, chomwe mlendo wa DAS amalandira ulere chinafanana ndi chomwe ena akugula ndi ndalama.

Mu 2024 kampaniyo inanena kuti chiwerengero cha ogwiritsa ntchito DAS chawonjezeka katatu m'zaka zisanu. Kuyambira pa 20 Meyi ku Florida ndi pa 18 Juni ku California, inalengeza kuti DAS ndi ya okhawo amene ali ndi ulumali wokhudza kakulidwe ka ubongo, monga autism kapena wofanana nawo, omwe sangathe kudikira pamzere nthawi yaitali. Oyenda nawo anachepetsedwa kukhala a m'banja lenileni, kapena gulu losapitirira anthu anayi. Wopezeka kuti ananama amaletsedwa kulowanso m'mapakiwo mpaka kalekale.

Amene anadandaula kwambiri ndi anthu omwe kale ankalandira DAS pa zifukwa zina: odwala mtima, a matenda a m'matumbo ofuna chimbudzi mwadzidzidzi, ndi amene thupi lawo silipirira kutentha. Kampaniyo imati otere ali ndi njira zina, monga kuchoka pamzere n'kudzabwereranso pamalo pawo, kubwereka njinga, kapena kusinthana ndi wachibale amene waima pamzere. Odandaulawo amati njira zimenezi zimathandiza amene wabwera ndi anzake, ndipo kubwerera pamalo pako pakati pa chikhamu kumafuna kudzifotokoza kwa munthu aliyense amene ukumudutsa. Kumbali ina kuli mabanja amene amaima maola awiri padzuwa, nawonso ali ndi ana aang'ono ndi agogo, akuona khomo lachidule likudzadza. Dandaulo la mbali iliyonse lili ndi maziko.

Umboni: akhulupirire ndani?

Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wosankha mabanja olandira Mtukula Pakhomo akudziwa kuvuta kwa funso lakuti woyenera ndani. Mukangokhulupirira mawu a munthu, ochenjera amalowa. Mukaumitsa malamulo, wosauka weniweni amene sadziwa kudzilankhulira amatsala.

Mapaki ayesa njira zosiyanasiyana. Disney ku America siitanitsa kalata ya dokotala. Mlendo amacheza ndi wogwira ntchito, nthawi zambiri pavidiyo ulendo usanafike, n'kufotokoza chomwe chimamuchitikira akakhala pamzere. Ubwino wake ndi wakuti amene alibe ndalama yokaonana ndi dokotala satsekeredwa kunja. Kuipa kwake n'kwakuti wodziwa kulankhula amapambana wamanyazi, ndipo munthu amakakamizika kuulula zachinsinsi za thupi lake kwa mlendo.

Kampani ya Universal mu 2023 inatenga njira ina: inayamba kupempha alendo kuti alembetse khadi ya bungwe lapadera lotchedwa IBCCES, lomwe limafuna chikalata chochokera kwa dokotala kapena katswiri wina. Zili ngati kuonetsa buku la kuchipatala. Bodza limachepa, koma matenda olembedwa papepala sanena zonse. Ana awiri a autism angakhale osiyana kutalitali, wina n'kutha kudikira ola lathunthu, wina osatha ngakhale mphindi zisanu.

Njira yachitatu inayambira pabwalo la ndege la Gatwick ku England mu 2016. Munthu wa ulumali wosaoneka amavala kachingwe kobiriwira kojambulidwa maluwa a mpendadzuwa m'khosi. Safunsidwa umboni, komanso kachingweko sikamupatsa ufulu wodumpha mzere. Kamangouza ogwira ntchito kuti munthuyu angafune kumuleza mtima kapena kumufotokozera kawiri.

Pamene chitetezo chimaletsa

Pali malo amodzi pomwe mwini paki amaloledwa kukana munthu. Kasitima kothamanga kamagwira wokwera ndi chitsulo cha pantchafu kapena cha pamapewa, ndipo chitsulocho chinapangidwa poyembekezera thupi la mtundu wina wake. Mu Julayi 2011, msilikali wina wakale amene anaduka miyendo yonse iwiri kunkhondo ya ku Iraq anagwa pa roller coaster ya ku Darien Lake m'chigawo cha New York n'kumwalira. Pofuna chitetezo, pakhomo la akatungwe ambiri pamakhala chikwangwani chochenjeza amayi oyembekezera, odwala mtima ndi msana, ndipo pena a khunyu chifukwa cha magetsi ophethiraphethira. Apanso mkangano sulephera: anthu aulumali amati mapaki ena amabisala kumbuyo kwa mawu akuti chitetezo n'kukana munthu amene akanakwera bwinobwino.

Paki yomangidwa mwa mtundu wina

Ku San Antonio m'chigawo cha Texas, bambo wina womanga nyumba dzina lake Gordon Hartman anaona mwana wake wamkazi waulumali akulephera kusewera ndi anzake padziwe losambira. Mu 2010 anatsegula Morgan's Wonderland, paki yomwe katungwe wake anakonzedwa kuti munthu akwere ali panjinga yake yomwe. Waulumali aliyense amalowa ulere. Mu 2017 anawonjezera mbali ya masewera a m'madzi yokhala ndi njinga zosaopa kunyowa. Ndi paki yaing'ono poyerekeza ndi za Disney, yosafuna phindu, ndipo ilibe timasitima toopsa tija. Komabe imaonetsa kuti mbali yaikulu ya zomwe timayesa vuto la munthu imakhala vuto la kamangidwe.

Nanga kwathu kuno?

Malamulo tili nawo. Mu 1971 kunabwera Handicapped Persons Act yomwe inakhazikitsa bungwe la MACOHA. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, lomwe ndime yake ya 9 imanena za kufikirika kwa malo, ndipo ya 30 imanena mosabisa kuti zachikhalidwe, masewera ndi zisangalalo ndi ufulu wawonso. Mu 2012 kunabwera Disability Act, ndipo mu 2024 malamulo awiri akalewo analowedwa m'malo ndi Persons with Disabilities Act, MACOHA n'kusanduka MACODA. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wina wake, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636.

Ndime ya 30 ija ndiyo timaiwala kawirikawiri. Tikamakamba za aulumali timaganiza za sukulu, chipatala ndi ntchito, ngati kuti kusangalala n'kwa amene ali ndi miyendo iwiri yolimba. Koma taganizirani za munthu wachialubino amene akufuna kuonera ngoma ku Umhlangano wa Maseko Ngoni pa Nkolimbo ku Ntcheu. Kwa iye mthunzi si ulemu wa alendo apamwamba, chifukwa dzuwa limamubweretsera khansa ya pakhungu. Taganizirani za mwana wa kusukulu ya osamva ya ku Mua, amene amakhala pafupi ndi nyumba yosungira chikhalidwe ya Chamare ku Kungoni: kuti amve zomwe wofotokozera alendo akunena za Achewa, Angoni ndi Ayao, pafunika wodziwa chinenero cha manja. Zojambula zakale za pamiyala ya Chongoni, zomwe UNESCO inaziika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zili pamalo 127, ambiri mwa iwo m'mapiri ndi m'mapanga ngati a ku Mphunzi ndi Chencherere. Ngakhale jumping castle yomwe imabwera pa Khirisimasi ili ndi mzere wake, ndipo pamzerepo pangakhale mwana ngati uja wa kuchigayo.

Zina mwa izi sizifuna ndalama zambiri. Tenti imodzi yokhala ndi mipando, chimbudzi chimodzi cha khomo lalikulu, ndi wachinyamata mmodzi wolemba mayina a odikira pambali, zingakwanire. Zina n'zovuta ndithu, ndipo ngakhale mayiko olemera sanazipezere yankho.

Mafunso omwe akadali poyera

Kodi woyenera kudikira pambali azisankhidwa potengera dzina la matenda ake, kapena potengera chomwe amalephera kuchita? Disney inasankha kutchula gulu la ulumali, ndipo otsutsa akuti wodwala matumbo ndi mwana wa autism onse amalephera chinthu chimodzi, kuima pamzere, ngakhale zifukwa zili zosiyana.

Kodi umboni uzifunika? Ngati uzifunika, kuno kwathu angaupereke ndani kwa mayi wa ku Kasumbu kapena ku Tsangano amene mwana wake sanaonedwepo ndi katswiri wa autism? Kalata ya amfumu ingakwane, kapena idzabweretsa kukondera komwe timakudandaula kale pa makuponi?

Woperekeza munthu waulumali, yemwe kuchipatala timamutcha gadiyani, azilipira pageti? Iye sanabwere kudzasangalala yekha, koma mwini bwalo nayenso amawerengera mpando uliwonse.

Pamene khomo lachidule likugulitsidwa kwa olemera, kodi kampani ingakhale woweruza wachilungamo wa amene alowepo ulere? Ena akuti ndalama ndiyo inachititsa kusintha kwa mu 2024. Kampaniyo ikuti inafuna kuteteza chithandizocho kuti chifikire amene chinakonzedwera.

Ndipo pamalo ngati Chongoni, pomwe kuphwanya thanthwe kuti pakhale njira ya njinga kungawononge chinthu chomwe anthu akudzaona, malire a mawu aja akuti "moyenerera" ali pati, ndipo awaike ndani: a boma, mafumu a m'deralo, kapena mabungwe a eni ake aulumali monga FEDOMA?